Mbedza ya Kuseri kwa Khutu

Kasingano anadula tsitsi lake kutatsala tsiku limodzi kuti ayambe kulandira mankhwala, ndipo anakadulitsa kwa munthu wolakwika.

Dzina la Kasingano anamupatsa ndi bwenzi lake, chifukwa mtsikanayo anali telala, wochepa thupi, ndipo mawu ake ankabaya. Mnyamatayo anthu onse a mumsewu mwawo ankamutcha Lezala. Anali wometa, mwini kachipinda ka magalasi awiri koyang'anizana ndi shopu yosokeramo. Ankakonda kuuza aliyense amene wakhala pampando wake kuti iye anayamba kukonda nkhongo nkhope asanaione. Tsiku lililonse ankaona mtsikana atawerama pamakina, tsitsi lakuda bii litatukumuka ngati mtambo wa mvula.

"Nkhope ndinadzaiona mochedwa," ankatero, "nditagwa kale."

Kasingano ankaseka akamva zimenezi. Analeka kuseka tsiku limene dokotala anamukhazika pansi pamodzi ndi mkulu wake. Kunali kutapita nthawi akungotopa, mikwingwirima ikumutuluka m'miyendo popanda womumenya, nkhama zikutuluka magazi akamatsuka mano. Anamutenga magazi, kenako anamuboola fupa la m'chiuno. Dokotala anati ndi khansa ya m'magazi, ndipo anafotokoza zambiri, mofatsa, akujambula timizeremizere m'mwamba ndi chala. Mkulu wake anamva zonse. Kasingano anangomva chimodzi chokha: tsitsi lidzathothoka.

"Silindithawa ayi," anadziuza. "Ndiliyamba ndine."

Kwa Lezala sakanapita. Akanamufunsa chifukwa, ndipo iye sanafune kuti adziwe. Choncho anawoloka tauni yonse mpaka kuseri kwa depoti ya mabasi, n'kulowa m'shopu yoyamba imene anaona chithunzi cha lumo pakhomo. Atakhala kale pampando, nsalu itamangidwa kale m'khosi, m'pamene anazindikira nkhope imene inkamuyang'ana pagalasi. Anali Chipeso.

Chipeso ndi Lezala anaphunzira kumeta kwa mdala mmodzi. Anakangana kalekale pa nkhani imene aliyense ankaifotokoza mwa njira yake, ndipo kuchokera pamenepo sankapatsana ngakhale moni. Chipeso anamuzindikira mtsikanayo nthawi yomweyo. Anamwetulira mpaka mano a kumapeto kuoneka.

"Mlamu! Mwatikumbuka lero. Tidule bwanji?"

"Lifupike. Lifupikiretu."

Chipeso sanafunse kanthu. Anadula mwaulemu, akuimba kamluzu, ndipo pomaliza anachedwa pang'ono kuseri kwa khutu lamanzere. Kasingano sanadziwe kuti mutu uliwonse wotuluka m'manja mwa Chipeso umatuluka ndi chizindikiro: kamzere kopindika ngati mbedza. Akanadziwa bwanji? Kuseri kwa khutu lako sumaonako.

Masana anabwerera kushopu atamanga duku molimba. Sipanatenge nthawi Lezala anawoloka msewu atanyamula epuloni yong'ambika thumba. Epuloniyo inkang'ambika kawirikawiri, ndipo nthawi zonse pamalo osavuta kusoka.

"Lero tavala duku ngati tikupita kukapepesa maliro," anatero akutsamira pachitseko.

"Kukuzizira."

"Dzuwa lonseli?"

"Bweretsa chinsanza chakocho."

Anawerama pamakina n'kuyamba kupalasa. Duku linakwera pang'ono kumbuyo. Makina ankalira, koma Kasingano anamva kuti m'chipindamo mwalowa chete wina wake wachilendo.

"Kasingano."

"Ee?"

"Tatembenuka."

Sanatembenuke. Chala cha Lezala chinafika chokha, n'kukweza m'mphepete mwa duku pang'onopang'ono ngati munthu wovundukula poto amene akudziwa kale kuti zapserera.

"Mbedza," ananong'ona. "Mbedza ya Chipeso."

"Mbedza yanji?"

"Ukananditukwana pagulu. Ukananditayira makina anga m'ngalande. Koma mutu? Mutu umene ine ndakhala ndikuupempha kuti ndingoukonza m'mbali, iwe n'kumandimenya dzanja, wakaupereka kwa Chipeso? Wonse?"

Apa m'pamene Kasingano akanayenera kunena zoona. Koma anayang'ana nkhope ya Lezala, maso ali psu, mphuno ikunjenjemera, n'kuona kuti munthuyu akumufuna moti angathe kumenyana ndi tauni yonse. Nsanje inamukhala bwino. Chisoni sichikanamukhala choncho.

"Manja ake ndi ofewa," anatero Kasingano, akudula ulusi ndi mano.

Lezala anasolola epuloni yake isanathe kusokedwa n'kutuluka, ulusi ukumutsatira mpaka pakati pa msewu.

Madzulo, akulongedza kachikwama ka kuchipatala, mkulu wake anamva nkhaniyo n'kukhala pansi pabedi.

"Iwe, mutu wakowo anadula tsitsi lokha kapena ndi nzeru zomwe? Ukusankha kuti akuyese wachimasomaso kusiyana ndi kumuuza kuti ukudwala?"

"Wachimasomaso amamulimbirana, achemwali. Wodwala amamubweretsera malalanje sabata yoyamba. Kenako amayamba kutanganidwa."

"Ndiye ubisa mpaka liti?"

"Mpaka litameranso."

"Mulungu wanga," anatero mkulu wake, akuponya masokosi m'chikwama.

M'mawa mwake iye ndi mkulu wake anakwera minibasi. Atangokhala, Kasingano anamva fungo la Lezala, limene akanalizindikira ngakhale ali m'tulo: sipiliti ndi paudala wa m'khosi. Sanacheuke. Anangoyang'ana pagalasi la dalaivala. Pampando wa kumbuyo kwenikweni panali munthu wovala chipewa chofika m'maso ndi jekete yokwezedwa kolala. Pamaondo pake panali chikwama chachikopa, ndipo galimoto ikagunda dzenje, m'chikwamamo munkalira ngwe ngwe ngwe.

"Musacheuke," anauza mkulu wake. "Tikutsatiridwa."

Mkulu wake anacheuka nthawi yomweyo. Chipewa chija chinamira kuseri kwa mayi wina wonenepa.

"Kazitape wako wanyamula ndi malumo omwe."

Mtima wa Kasingano unkagunda pawiri, kwina mantha, kwina kukoma. Pageti la chipatala anakoka mkulu wake dzanja. Analowa pamzere wa kolandirira mankhwala, n'kutulukira kuseri kwa chipinda chojambulira, n'kudutsa pakati pa anthu okankha bedi, n'kukwera masitepe. Atafika pamwamba, mpweya unali ukumuperewera Kasingano. Koma kumbuyo kunalibe chipewa.

"Tamutaya," anatero akupuma movutikira. Anadabwa kuti mawuwo sanamusangalatse.

Chipinda cholandirira kemo, monga ankawatchulira mankhwalawo onse a mmenemo, chinali chachitali, cha mipando yotsamira kumbuyo yondandalikidwa m'mbali mwa khoma. Pambali pa mpando uliwonse panali chitsulo chopachikapo diripi. Pawindo pankaoneka zingwe za kochapira, nsalu za pabedi zikuuluzika. Anthu anali atafunda timabulangete mpaka pachifuwa, ena akuwodzera, ena akusewera ndi mafoni.

"Kwabwera watsopano!" anafuula bambo wina wachikulire wa mutu wonyezimira ngati dzira. "Kwerani, kwerani, malo alipo. Koma mudziwiretu, basi ino ilibe potsikira mpaka botolo lithe."

"A Dalaivala, musandiopsezere mwana," anatero namwino, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pa chingwe. Anatembenukira kwa Kasingano. "Anayendetsa mabasi moyo wawo wonse, ndiye akuganiza kuti muno ndi awo. Khala pafupi nawo, sutopa."

Namwino anayamba waona zotsatira za magazi a dzulo lake, n'kumukweza pasikelo, n'kumuyeza kutentha kwa thupi. Kenako anamupempha kuti amasule duku kuti aone khungu ndi m'khosi. Kasingano anamasula. Namwino anatsitsa magalasi.

"Iii, wameta kale? Mwana wanga, tsitsi silithothoka lero. Limadikira milungu ingapo. Ukanakhala nalo mpaka mwezi utapendekeka."

"Wafika padepoti basi isanagulidwe!" anatero a Dalaivala, ndipo mzere wonse wa mabulangete unagwedezeka ndi kuseka.

Mkulu wake anangomuyang'ana ndi diso limodzi. Kasingano anayang'ana kunja, kwa nsalu zouluzika.

Namwino anamumanga kachingwe pamkono, n'kumenyamenya mtsempha ndi zala ziwiri. Singano inalowa mosavuta kuposa mmene ankaopera. Anamata kapaipi ndi pulasitala, n'kulumikiza thumba loyamba.

"Awa si kemo ayi, ndi oletsa nseru. Timayamba ndi amenewa. Enawo akalowa ukhoza kumva kuzizira mumkono. Koma ukamva kuwotcha kapena pakatupa, usapirire, undiitane msanga. Muno opirira sitiwapatsa mphoto."

"Mumuuze za ofiira aja," anatero a Dalaivala.

"Ndimuuza. Pali ena ofiira. Ukapita kuchimbudzi n'kuona zofiira, usakuwe. Si magazi, ndi mtundu wa mankhwala."

"Ine ndinakuwa," anatero a Dalaivala monyadira. "Anabwera ndi alonda omwe."

Namwino anapitiriza akukonza madontho. Anati masiku otsatira adzatopa kutopa kwachilendo, koti tulo sikukuchotsa. Chakudya chidzasintha kukoma.

"Chilichonse chimakoma ngati ukunyambita supuni," anawonjezera a Dalaivala. "Ngakhale supuniyo utaisiya."

"Uzidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, uzimwa madzi ambiri. Mswachi ugule wofewa, chifukwa m'kamwa mumatha kutuluka zilonda. Tsopano ichi umvetsetse, ndi inunso achemwali ake. Mankhwalawa akamapha zoipa amagwetsanso asilikali a m'thupi. Upewe pothithikana anthu, upewe wachifuwa ndi wachimfine. Thupi likangotentha, usamwe kapiritsi n'kugona kuti uone mawa. Ubwere nthawi yomweyo. Ndipo magazi ako azichedwa kuundana, ndiye usamale ndi zocheka. Lezala asayandikire khungu lako."

Mkulu wake anatsokomola. Kasingano anamuponda phazi.

Namwino anavala magolovesi ndi chovala chapulasitiki, n'kubweretsa thumba lachiwiri. Analiwerenga pamodzi ndi mnzake, kufunsa Kasingano tsiku lake lobadwa, n'kulipachika. Dontho loyamba linatsika. Kasingano analitsatira ndi maso m'kapaipi monse mpaka linalowa mwa iye. Anadikira kuti amve china chake chachikulu, mwina chiphaliwali. Anangomva kuzizira pang'ono, ngati wina wamupumira pamkono.

Pomwepo chitseko chinatseguka ndi mphamvu.

"Ali kuti?"

Chipewa chinali m'manja, thukuta lili kamukamu, chikwama chachikopa chili m'khwapa. Lezala anali atazungulira chipatala chonse. Kasingano anakoka bulangete mpaka pamphuno.

"Bambo, muno simulowa choncho," anatero namwino. "Masiki ali pakhomo apo, ndipo musambe m'manja."

Lezala anamvera osadziwa kuti akumvera. Anasamba, n'kuvala masiki mokhotakhota. Maso ake sanapite kunkhope za anthu. Maso a wometa amayambira pamwamba. Anayenda ndi mzere wonse wa mitu, ina yosalala, ina ya tsitsi la patalipatali, ina yovala zipewa zoluka.

"Ndiye Chipeso watsegula shopu ina m'chipatala," anatero mwa kamunsi. "Mbava ija."

Anayandikira a Dalaivala. Mkwiyo unayamba kulimbana ndi ntchito, ndipo ntchito inapambana. Anawerama, n'kuzungulira mutuwo mbali ndi mbali.

"Pepani madala. Wakumetani ndani?"

"Bwanji, walakwitsa?"

"Palibe chiputu. Palibe pochekeka. Ngakhale nsidze wachotsa bwinobwino. Chipeso sangathe zimenezi. Ndi lezala wanji ameneyu?"

A Dalaivala anakweza chala n'kuloza thumba lolendewera pachitsulo.

"Wometa wathu ndi uyo. Salankhula zambiri, safunsa za mpira. Koma amameta aliyense wokwera basi ino."

Lezala anayang'ana thumbalo. Anatsatira kapaipi mpaka padzanja la mdalayo. Kenako anayang'ana thumba lapafupi, n'kutsatira kapaipi kake mpaka pamkono wowonda umene unatulukira kunja kwa bulangete. Pachala cha mkonowo panali chikanga cha lumo la telala.

Kasingano anatsitsa bulangete.

"Si Chipeso," anatero. Mawu ake, amene nthawi zonse ankabaya, anatuluka opindika. "Ndi khansa ya m'magazi. Lero ndi tsiku loyamba. Tsitsi lithothoka lonse, ndi nsidze zomwe, ngati a Dalaivalawa. Nditenga miyezi ndikubwera muno. Ndinafuna usadziwe."

Maso a Lezala anali pa pulasitala, pamene kapaipi kankalowera m'khungu. Pamwamba pa masiki nkhope yake inasanduka ngati phulusa. Anabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso, n'kutembenuka. Chitseko chinatsekeka chokha pambuyo pake.

M'chipindamo munangotsala phokoso la kamakina kowerenga madontho. A Dalaivala anatulutsa switi ya jinja m'thumba n'kuyiika padzanja la mpando wa Kasingano.

"Mwaona, achemwali?" anatero Kasingano akuyesa kumwetulira. "Ngakhale malalanje sanafike."

Mkulu wake anadzuka, n'kumanga bwino chikwama paphewa ngati munthu wopita kunkhondo.

"Sanafike pageti ameneyo. Andimva."

Anatuluka. Kasingano anatseka maso. Anaona msewu wawo, shopu ziwiri zoyang'anizana, ndi mmene azidzawerama pamakina popanda womuyang'ana kutsidya. Anaganiza zosamutsa makinawo kuti aziyang'ana kukhoma. Madontho ankangotsika.

Chitseko chinatsegukanso. Anali mkulu wake, atagwira pamimba, misozi ili mbwe. Kasingano anachita mantha mpaka atazindikira kuti akuseka.

"Anamwino, bwerani mudzatole katundu wanu. Wagona pakhonde apa, miyendo m'mwamba. Akuti anangofuna kukapuma mpweya, pansi n'kumudzukira."

Anamulowetsa atamugwira uku ndi uku. Namwino anamukhazika pampando wopanda munthu pafupi ndi Kasingano, n'kuutsamiritsa kumbuyo, n'kumupatsa madzi a shuga.

"Munthu wogwira lezala tsiku ndi tsiku," anatero namwino, "kukomoka ndi kasingano kamodzi!"

"Lezala amayenda pamwamba, amayi," anatero Lezala mofooka. "Icho chalowa m'kati."

"Tikulumikizeni nanunso?" anafunsa a Dalaivala. "Mpando mwaupeza kale."

Lezala anamwa madziwo, n'kubwezera masiki pamphuno. Anatembenuza mutu mosamala kuti maso asagwerenso pamkono uja. Anayang'ana khutu la Kasingano.

"Ndiye manja ake ndi ofewa."

"Ndinanama. Ndi ozizira ngati a chule."

"Ndimadziwa." Anapuma kaye. "Iwe unaganiza kuti ine ndimakonda tsitsi?"

"Umauza tauni yonse."

"Ndine wometa, Kasingano. Tsitsi ndimalisesa madzulo aliwonse n'kukataya. Chimene ndimayang'ana ndi mutu. Wakowu ndakhala ndikuulingalira mmene ulili m'kati mwa mtambo uja, ndipo wayamba kuuona ndi Chipeso. Chimenecho ndiye chandipweteka."

Kasingano anatola switi ya a Dalaivala n'kuyamba kulimbana ndi pepala lake ndi dzanja limodzi. Lezala anaitenga, n'kuisenda, n'kumubwezera.

Kenako anakoka chikwama chake chachikopa n'kuyamba kuchitsegula.

"Mbedza iyi yokha ndiichotse. Sinditenga nthawi."

"Tsekani chikwamacho," anatero namwino osacheuka n'komwe. "Muno simometera. Ndipo kunyumba komwe, lezala pamutu uwu ayi. Akachekeka, magazi savomera kuleka msanga, ndipo kachilonda kakang'ono kakhoza kumugoneka m'chipatala. Likayamba kuthothoka, makina okha, otsukidwa bwino, osakanikiza."

"Makina anga ndi oyera kuposa mbale za kwathu."

"Ndiye mukawatsukenso. Ndipo tsiku limene mwameta munthu wachifuwa, musambe, musinthe malaya, musanamuyandikire."

Lezala anagwedeza mutu pa chilichonse ngati mwana wasukulu. Kenako anafunsa chimene chinkamuvuta kwenikweni.

"Nanga mbedzayi?"

"Mankhwala aichotsa okha. Milungu ingapo basi."

"Ndiye ndizibwera," anatero Lezala, akutsamiranso kumbuyo. "Ndikufuna ndidzaione ikugwa ndi maso angawa."

"Uzikomoka ulendo uliwonse?" anafunsa Kasingano.

"Ndiziyang'ana kukhutu." Anatambasula dzanja kudutsa pakati pa mipando iwiriyo, akufufuza mosayang'ana, mpaka anapeza dzanja lake lopanda kapaipi. "Amayi, kodi limadzameranso?"

"Mankhwala akatha limamera," anatero namwino. "Nthawi zina limabwera lofewa ngati la khanda, mwina losintha kapotedwe."

"Mwamva nonse muno, mukhale mboni," anatero Lezala mokweza. "Loyamba kumera ndi langa. Wina asadzaliyandikire."

"Mwalipeza kale, silinamere n'komwe," anatero a Dalaivala akukoka bulangete. "Ana inu mumafika padepoti msanga nonse."

Kasingano anaika switi m'kamwa. Inali ikadali ndi kukoma kwa jinja, supuni inali isanafike. Anayang'ana thumba lija, n'kuona kuti latsika pang'ono, ndipo anapendeketsa mutu kuti mbedza ionekere bwino kwa amene inkamupweteka.